Njira ya ku Eureka City Imayamba ndi Mapazi

Anyamata ambiri amene mwapeza ntchito yoyendetsa galimoto ku Joni mumandifunsa za 4x4 ngati kuti nzeru zonse zili mu injini. Mukangogwira chiwongolero cha Land Cruiser kapena Hilux ya abwana, mtima umakunamizani kuti palibe phiri lingakukanikeni. Ine ndikuuzani za mapiri a Makhonjwa, kumtunda kwa tawuni ya Barberton m'chigawo cha Mpumalanga, kufupi ndi malire a Eswatini. Kumeneko n'komwe munthu amadziwira kuti chida chachikulu cha dalaivala wa m'miyala ndi miyendo yake. Amene satsika m'galimoto kukaiona njira ndi maso asanaiponde ndi tayala, ameneyo ntchitoyi sanaidziwe.

Golide anapezeka ku Barberton mu 1884, ndipo chaka chotsatira Edwin Bray anatulukira mwala wolemera wa Sheba. Anthu anakhamukira pamwamba pa phiri n'kumanga mudzi wa Eureka City, wokhala ndi mahotela ndi malo omwera mowa, koma sipanapite zaka zambiri mudziwo unasanduka bwinja, anthu atathamangira golide wa ku Johannesburg. Lero kwatsala zipupa zamiyala m'maudzu. Njira zokwerera kumeneko anazilambula poganizira ngolo ndi abulu, n'chifukwa chake n'zopapatiza ndi zokhotakhota, uku khoma la phiri, uku phompho. Malo ambiri ali ndi eni ake, ndipo mgodi wa Sheba ukugwirabe ntchito, choncho pemphani chilolezo, mutengenso munthu wodziwa njira. Safunsa anadya phula.

Pamene tala wathera, imani. Phwetsaniko matayala pang'ono kuti afewe. Tayala lofewa limakumbatira mwala, pomwe lolimba limangodumphadumpha n'kung'ambika pa mwala wakuthwa. Koma musaphwetse ngati mulibe pampu yodzapopera pobwerera. Lowetsani giya yamphamvu ija amalemba kuti 4L mudakali pamalo abwino, osadikira kuti mutitimire kaye. Zala zazikulu zikhale kunja kwa chiwongolero, chifukwa tayala likagunda mwala chiwongolero chimatembenuka mwadzidzidzi ndipo chimathyola chala.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetse. Mukafika pamalo pomwe boneti yakutsekerani njira, kapena pomwe miyala yaunjikana, zimitsani injini, ikani giya ndi handibuleki, tsikani muyende wapansi mpaka pomwe pakuthera zovutazo. Gwadani muone kunsi kwa galimoto yanu kuti mudziwe chomwe chili pafupi kwambiri ndi nthaka, nthawi zambiri imakhala difu ija yatupa pakati pa matayala akumbuyo. Mwala waukulu musamauike pakati pa matayala poganiza kuti mwauzemba. Umakakanda difu kapena kuboola sampu, oyilo n'kutayikira pansi, ulendo n'kuthera pomwepo. Mwala wotere mumaukwera ndi tayala, pang'onopang'ono, galimoto yonse n'kunyamuka nawo limodzi. Poyenda wapansipo muupondenso ndi phazi kuti mumve ngati ukugwedera. Pali dzenje, tolani miyala mudzazemo. Mphindi zomwe mungatayire pamenepo n'zochepa poyerekeza ndi usiku wogona m'phiri.

Ngati muli ndi mnzanu, iye aime kutsogolo pomwe mukumuona bwino, azikulozerani ndi manja. Wolozera akhale mmodzi. Ndinaonapo galimoto itapendekeka m'mphepete mwa phompho chifukwa anthu anayi ankafuula nthawi imodzi, wina akuti kumanja, wina kumanzere, mnyamata woyendetsa n'kusokonezeka mutu. Wolozerayo akangobisika m'maso mwanu, imani mpaka aonekenso.

Pa mtsetse ndi pomwe pamafera anthu. Tsikani ndi giya yoyamba ya 4L, phazi lichoke pa kilatchi, injini ndiyo igwire galimoto. Mukamangopondereza mabuleki mtsetse wonse amatentha, mumayamba kumva fungo lopserera, kenaka mukaponda phazi limangolowa osagwira kanthu. Pa chitunda napo galimoto ikalephera kukwera, musayerekeze kuitembenuza chopingasa phiri, imagubuduka. Gwirani buleki, lowetsani rivesi, mubwerere chambuyo molunjika m'mapazi momwe munadzera. Mukakumana ndi ina pamalo opapatiza, wotsika ndiye amapatukira wokwera.

Mnzanu akatitimira, chingwe chokokera musachikole pa kampira kachitsulo kokokera ngolo kaja kali kumbuyo. Kamathyoka n'kuuluka ngati chipolopolo, ndipo kapha anthu m'maiko ambiri. Kolani pa ngowe zomangidwa ku chasisi, ndipo oonerera onse atalikire.

Za migodi yakaleyo, mtima wanga umandiwawa ndikaona achinyamata akujambulitsa pakhomo pa una atatsamira mtengo wofumbwa. Mapiri amenewa ndi obooka mkati. Maenje ena amatsika choongoka mamita ambirimbiri, ndipo pakamwa pake pamera udzu ndi zitsamba moti simungapaone mpaka mutafika. Nthaka ya m'mphepete mwa dzenje imagumuka ndi kulemera kwa munthu mmodzi, nanji galimoto ya matani awiri. N'chifukwa chake tayala lisachoke m'njira yomwe ena adutsamo kale, ngakhale patchirepo pakuoneka posalala bwanji, ndipo potembenuza galimoto yambani mwapayenda ndi mapazi. Udzu wautali wouma uli ndi vuto linanso, umakodwa pa ekizozi yotentha n'kuyatsa moto kunsi kwa galimoto.

Pa 5 February 2016, ku mgodi wa Lily m'dera lomweli la Barberton, nthaka inatitimira n'kumeza kontena momwe munali antchito atatu. Umenewo unali mgodi wogwira ntchito, wokhala ndi akatswiri ake. Nanga una umene unasiyidwa zaka zoposa 100 zapitazo, amene akuuyang'anira ndani? Agogo athu amene ankapita ku migodi ndi Wenela ankalowa pansi mphepo ikupopedwa ndi makina, wina atayamba wagogoda denga ndi chitsulo kuti amve ngati mwala walekana. Mu una wakale mulibe zonsezo. Mpweya woipa nthawi zambiri sununkha ndipo suoneka. Munthu amangomva chizungulire, miyendo n'kufooka, ndipo wolowa kukamupulumutsa amagwera pomwepo. Mitengo yochirikiza denga inaola kalekale. Mukaona bokosi lakale kapena timitanda tokulungidwa m'mapepala, musakhudze, zophulitsira miyala zikakalamba zimaphulika ndi kugwedeza kokha. Madzi otuluka m'mauna ndi odikha pa milu ya dothi la mumgodi musamwe kapena kusamba, ngakhale aoneke oyera, poti miyala ya golide ya kumeneko ili ndi aseniki.

Dziwaninso kuti mauna ena ali ndi anthu, aja amawatcha ma zama zama, okumba golide mozemba, ndipo ena amakhala ndi mfuti. Mukaona zovala zoyanikidwa, mapulusa a moto kapena kanjira kopondeka kumene kolowera ku una, musaime n'kuyamba kujambula. Pitirirani ulendo wanu.

Musapite ndi galimoto imodzi. Foni m'zigwa zambiri sigwira, choncho uzani munthu wotsala kunyumba njira yomwe mwatenga ndi nthawi yomwe mubwere. Tengani madzi ochuluka, fosholo, jeke ndi thabwa loikapo jekeyo, ndipo tayala lapadera mulione ngati lili ndi mpweya musananyamuke. M'miyezi ya mvula, kuyambira October mpaka March, mabingu amakonda kubwera masana, ndipo thanthwe lomwe munakwera bwinobwino m'mawa limaterera likanyowa. Nyamukani m'bandakucha, ndipo mitambo ikayamba kuda chakumadzulo yambani kutsika, ngakhale zipupa za Eureka City zitatsala pang'ono kuoneka.