Za Kuoka Mbande Nyengo ya Cisanu

Inu eni mabanja a ku mapiri a Dedza, a ku Bembeke ndi a m'mbali mwa Linthipe, mudziwa kuti dziko lanu liri pamwamba. Boma la Dedza lakwera mamita pafupifupi 1,600 kucokera pa nyanja yamcere. Cifukwa cace mwezi wa Juni ndi wa Julayi cisanu citsikira m'madimba, ndipo caka ndi caka mbande zambiri za matimati zifa zitangookedwa. Ambiri anena kuti mbeu inali yoipa. Koma kawirikawiri mlandu uli pa wooka, amene anafulumira.

Mbande yomera pansi pa cisakasa ca udzu siidziwa dzuwa, siidziwanso mphepo. Tsinde lace liri lanthete, lodzala madzi. Pa cisumbu ca Madagascar pali mmera wodabwitsa, umene masamba ace akhala ngati timitsuko, ndipo tizirombo togweramo tisanduka cakudya cace. Koma iwo akuulera m'nyumba za magalasi ku Ulaya sayesa kuturutsa mbande zace tsiku limodzi, pakuti zingapse ndi mphepo. Nanga ngati mmera wakudya tizirombo uopa cisanu, kuli bwanji phwetekere wanu?

Tsono citani cotere. Patatsala masiku 7 kapena 10 kuti muoke, yambani kupatula udzu wa pa cisakasa, pang'ono lero, pang'ono mawa, kufikira mbande zitakhala padzuwa usana wonse. Koma usiku muzibwezerapo udzuwo. Cepetsaninso madzi, osati kufikira zifote, koma kuti tsinde likhwime. Mbande yoyenera kuoka ndi yaifupi ndi yojincha, ya masamba anai kapena asanu. Yaitali yoonda, ingakhale ikoma m'maso, isiyeni. Tsiku lakuoka thirani madzi ambiri pa nazale, muzule ndi dothi lace, ndipo muoke dzuwa litapendeka.

Cinthu cacikuru ndico malo. Mphepo yozizira ilemera, ndipo usiku itsetsereka monga madzi, niikhazikika pansi peni peni pa dambo. Pamenepo ikani kabici, pakuti iye apirira cisanu. Matimati, nyemba ndi mbatata ya kacewere zifuna malo okwera pang'ono, kungakhale kutunga madzi kutalika. Ana adzadandaula ndi ndowa, koma mtunda umenewo ndiwo upulumutsa mbeu.

Penyaninso kumwamba madzulo. Usiku wa mitambo kapena wa mphepo suopsa kwambiri. Woopsa ndi usiku wa bata, nyenyezi zitayera mbee, pakuti pamenepo kufunda kwa nthaka kuthawira kumwamba. Mukaona cotero, thirani madzi m'mizere usana, cifukwa dothi lacinyezi lisunga kufunda koposa louma. Ndipo dzuwa lisanalowe bvundikirani mbande iri yonse ndi kacisakasa ka udzu kapena mphika wakale. M'mawa dzuwa litatentha mubvundukule, kuti mbande isacite cikasu.

Musazule nazale yonse tsiku limodzi. Siyani mbande zina pansi pa cisakasa kufikira mwezi wa Ogasiti, kuti cisanu cikapsereza mzere wina mukhale nazo zopakiza. Ndipo imene yapsa nsonga yokha musaitaye msanga: iyembekezeni masiku atatu kapena anai, pakuti tsinde likakhala laliwisi iphukanso.