Masipika a pakhoma ndiwapachike pati?

Funso: Ndagula ampulifaya, sabuwufa ndi masipika ang'onoang'ono asanu opachika pakhoma. Pabalaza panga ndi popanikiza, ndipo sofa inagunda khoma lakumbuyo. Ndiwaike pati?
Bambo wa ku Zomba

Yankho: Bambo, musathamangire kuboola khoma. Khalani kaye pasofa pomwe mumaonerera TV, chifukwa miyeso yonse ichokera pamenepo. Sipika yapakati, imene imatulutsa zolankhula za anthu a mufilimu, ikhale pansi kapena pamwamba penipeni pa TV. Awiri akutsogolo akhale kumanzere ndi kumanja, madigiri 22 mpaka 30 kuchokera pakati, molingana ndi makutu anu muli chikhalire. Ambiri amawakweza kufupi ndi denga kuti ana asawafikire, koma mawu amangodutsa pamutu.

Vuto lanu lenileni ndi sofayo. Masipika akumbuyo amafuna madigiri 110 mpaka 120, malo amene inu mulibe. Apachikeni m'makoma a m'mbali, pamwamba pang'ono pa mutu, osaloza m'khutu mwenimweni. Ngati n'kotheka, kokani sofa pang'ono ichoke kukhoma, kuti kugunda kwa besi (mawu okhuthala) kuchepeko.

Timasipika totere sititulutsa mawu okhuthala, choncho ikani crossover (malire oti mawu okhuthala azipita ku sabuwufa) pa 100 kapena 120 Hz. Sabuwufa iikeni pasofa, yatsani nyimbo, muyende chokwawa m'mbali mwa khoma. Pomwe besi ikumveka bwino, ndi pomwe sabuwufayo ikakhale. Masipika enawo ayeseni atakhala pamipando kwa masiku angapo, kenako muboole.