MASAMU A MATIKITI: THANDIZO KWA ASUNGICHUMA NDI APHUNZITSI

Makomiti ambiri a sukulu akafuna ndalama zogulira malata kapena mabenchi amakonza mpira, makwaya kapena sewero, ndipo anthu amalowa ndi matikiti. Tsikulo likatha, makolo afuna kumva kuti akulu analowa angati, ana angati, ndiponso ngati ndalama zili m'bokosi zikwanira. Msungichuma wolephera kuyankha amaganiziridwa kuba ngakhale sanatenge kanthu. Masamu otchedwa alijebula akhoza kumupulumutsa.

Dzinali lichokera ku liwu la Chiarabu lakuti al-jabr, limene lili pa mutu wa buku lolembedwa ndi al-Khwarizmi ku Baghdad cha m'ma 820. Nzeru yake ndi iyi: chiwerengero chimene sichidziwika chipatsidwa chilembo, monga x, ndipo munthu awerengera nacho ngati kuti achidziwa kale.

Chitsanzo choyamba

Komiti ina yagulitsa matikiti 300. Tikiti ya wamkulu ndi K500, ya mwana K200. M'bokosi mwapezeka K108,000. Akulu anali angati, ndipo ana angati?

Mlembi atchule akulu kuti x. Popeza onse pamodzi ndi 300, ana ndiwo 300 − x. Ndalama za akulu ndi 500 kuchulukitsa ndi x. Za ana ndi 200 kuchulukitsa ndi 300 − x. Ziwirizi akaziphatikiza ziyenera kulingana ndi za m'bokosi:

500x + 200(300 − x) = 108,000

Mzere wotere uli ngati sikelo ya mbale ziwiri. Chimene munthu achita mbali imodzi ayenera kuchitanso mbali inayo, kuti sikelo isapendekeke. Poyamba 200 achulukitse zonse ziwiri za m'kati:

500x + 60,000 − 200x = 108,000

300x + 60,000 = 108,000

Tsono achotse 60,000 mbali zonse ziwiri, ndi kugawa zotsala ndi 300:

300x = 48,000

x = 160

Akulu anali 160, ana 140. Mlembi asaleke pomwepa, koma ayese yankho lake. Akulu 160 pa K500 apereka K80,000. Ana 140 pa K200 apereka K28,000. Zonse pamodzi ndi K108,000, monga zili m'bokosi.

Pofotokozera makolo amene sanaphunzire zilembozi, mlembi anene motere: anthu onse 300 akadakhala ana, bwenzi m'bokosi muli K60,000 yokha. Koma muli K48,000 yapamwamba. Wamkulu aliyense aposa mwana ndi K300, ndipo K300 ilowa mu K48,000 ka 160. Njira ndi yomweyo, angosiyana ndi mawu.

Chenjezo

Yankho liyenera kukhala la anthu athunthu. M'bokosi mukadapezeka K107,900, zotsala zikadakhala K47,900, zimene sizigawika bwino ndi 300. Palibe munthu wa theka amene alowa pa chipata; pamenepo komiti idziwe kuti wina analakwitsa chenji, kapena ndalama zinawerengedwa molakwa, kapena zasowa.

Komabe yankho lathunthu silitsimikiza kuti zonse zili bwino. Itasowa K300 yeniyeni, m'bokosi mukhala K107,700, ndipo masamu adzanena kuti akulu 159, ana 141, popanda kuonetsa cholakwa. Chifukwa chake nkwabwino kuti matikiti a akulu ndi a ana akhale a mitundu yosiyana, akhale ndi manambala, ndipo wogulitsa asakhale yemweyo wong'amba pa chipata. Ndalama ziwerengedwe tsiku lomwelo pamaso pa anthu atatu, ndipo onse asaine m'buku.

Chitsanzo chachiwiri

Masamu omwewa athandiza tsikulo lisanafike. Komiti ifuna kutsala ndi K105,000, koma galimoto yonyamula alendo ndi chakudya chawo zidzadya K45,000. Tikiti ndi K500 kwa aliyense. Agulitse matikiti angati?

500x − 45,000 = 105,000

500x = 150,000

x = 300

Matikiti 90 oyamba angobweza K45,000 yowonongedwa. Phindu liyambira pa tikiti ya 91. Ngati bwalo kapena tchalitchi sichingalandire anthu 300, komiti iganize msanga: ikweze mtengo, ichepetse zowononga, kapena ichite masiku awiri.

Kwa aphunzitsi

Ana ambiri amalakwa pochulukitsa 200 ndi 300 yekha, naiwala x. Ena salemba chimene x aimira, ndipo pomaliza asinthanitsa akulu ndi ana. Mwana aliyense azoloŵere kulemba poyamba kuti “x ndi akulu”, ndi kuyesa yankho pomaliza. Nyemba ndi chimanga zikhoza kuimira matikiti a mitundu iwiri.

Funso la mwezi uno

Pa makwaya ena anagulitsa matikiti 250. Akulu analipira K1,000, ana K400, ndipo zonse zinakwana K172,000. Akulu anali angati, ana angati? Owerenga ayese okha ndi kusunga mapepala awo. Yankho lidzatuluka mwezi wamawa pa tsamba lomweli.