KUKONZA CHOLUMIKIZIRA CHA NGOLO KUTI IYENDE MOSAGWEDEZEKA M'MAPIRI

Mau oyamba

Boma la Nyasa, m'chigawo cha Ruvuma ku Tanzania, linapatulidwa ku boma la Mbinga m'chaka cha 2012. Likulu lake ndi Mbamba Bay, doko loyang'anizana ndi Nkhata Bay wa ku Malawi. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mapiri a Amatengo kumtunda kwake amapitirira mamita 1,500. Kotero usipa, mpunga ndi chinangwa zikamachoka kunyanja zimakwera chitunda, ndipo chimanga ndi feteleza zikamapita kunyanja zimatsika mtsetse. Msewu wa makilomita 66 wochokera ku Mbinga kukafika ku Mbamba Bay tsopano ndi wa phula, koma misewu yopatukira m'midzi, monga ya ku Liparamba kufupi ndi malire a Mozambique, yambiri ndi ya dothi.

Kuyambira pa ndondomeko ya Kilimo Kwanza ya m'chaka cha 2009, mathirakitala a mateyala awiri, amene ku Tanzania amawatcha pawatila, anafala m'midzi yambiri ya dzikolo, ndipo ntchito yawo yaikulu kunja kwa munda ndi kukoka ngolo. Phunziro lino likunena za malo amodzi okha, pamene ngolo imalumikizana ndi choikoka. Alangizi a ku Malawi ndi Zambia adziwe kuti kwa Amatengo mau akuti ngolo amatanthauzanso maenje olimamo m'mapiri. Ife tikunena ngolo yonyamula katundu.

1. Zimene malole akuluakulu akutiphunzitsa

Lole lokoka ngolo yaitali lili ndi mbale yachitsulo yong'ambika pakati imene amakaniko amaitcha fifth wheel. Kunsi kwa ngoloyo kuli pini, kawirikawiri wonenepa mamilimita 50.8, amene amalowa m'mbalemo nagwidwa ndi nsagwada zachitsulo. Cholumikizirachi chili ndi nzeru zitatu. Pini amagwidwa zolimba popanda mpata woseweramo. Kulemera kwa ngolo kumatsamira pamwamba pa ekiselo yakumbuyo kapena patsogolo pake pang'ono. Mbale imapakidwa girizi ndipo imatha kupendama, kotero kuti lole ndi ngolo zimakhota ndi kudutsa zigwembe popanda kupotokolana. Ku America, eni ngolo zogonamo amaonjezera mphira kapena matumba a mpweya pa bokosi logwira pini kuti achepetse kugunda kwa mtsogolo ndi m'mbuyo.

Mlimi wa ku Liparamba sangagule zipangizo zoterezi, koma nzeru zitatuzi angazitsate kwa wowotcherera zitsulo wa pamsika.

2. Zolakwika zitatu zofala

(a) Mpata pa pini. Pini akatayika, ambiri amalowetsapo bauti iliyonse kapena chitsulo chomangira nyumba. Pini wochepa m'bowo lalikulu amamenyedwa ngati ndi nyundo nthawi iliyonse choikoka chikanyamuka kapena kuima. Bowo limakula n'kukhala ngati dzira, pini amakumbika m'chiuno, ndipo tsiku lina amathyoka ngolo ili pachitunda.

(b) Kumanga pamwamba. Thirakitala ya mateyala anayi ikoke ngolo ndi chitsulo chake chokokera, chimene chili kunsi kwa ekiselo yakumbuyo. Tcheni chikamangidwa pa ekiselo kapena pamwamba pake, ngolo ikatitimira m'matope thirakitala imadzuka kutsogolo n'kugudubuzikira chagada pa woyendetsa. Izi zimachitika m'kanthawi kosakwana masekondi awiri.

(c) Kulongedza molakwika. Ngolo ya mateyala awiri ili ngati sikelo, ndipo ekiselo ndiyo pakati pake. Tiyerekeze kuti kuchokera pa ekiselo kukafika pa pini pali mamita awiri. Thumba la makilogalamu 100 likaikidwa masentimita 50 patsogolo pa ekiselo limatsindika pini ndi makilogalamu 25. Thumba lomwelo likaikidwa masentimita 50 kumbuyo kwa ekiselo limanyamula pini ndi makilogalamu 25. Pini akapepuka, mateyala a choikoka sagwira nthaka ndipo ngolo imayamba kudzandira. Pa ngolo yokokedwa ndi galimoto laling'ono, lamulo lodziwika ndi lakuti makilogalamu 10 mpaka 15 pa 100 alionse atsamire pa cholumikizira. Kumbukiraninso kuti pachitunda katundu wosanjikizidwa pamwamba amakokera kulemera kumbuyo.

3. Kakonzedwe kake

Choyamba, yesani mpata. Imikani ngolo pamalo athyathyathya, tsekerani mateyala a choikoka ndi miyala, ndipo anthu awiri aikankhe ndi kuikoka. Mukamva kugogoda, ntchito ilipo.

Chachiwiri, konzani bowo. Ngati lakula, wowotcherera aikemo bushi yatsopano kapena awotchererepo mbale yochindikala yobooledwa molingana ndi pini. Pini adzaze bowo koma azilowa ndi kutuluka ndi dzanja. Akhale wa chitsulo cholimba chopangidwira ntchitoyi, wokhala ndi mutu pamwamba ndi kabowo kunsi kolowetsamo chotsekera. Mumangirireni ku katcheni kuti asatayikenso.

Chachitatu, lolani cholumikizira kupendama. Pini alowe m'chitsulo cha milomo iwiri mbali imodzi ndi diso limodzi mbali inayo. Milomo iwiri ikakumana ndi milomo iwiri inzake, palibe chimene chingapendame podutsa chigwembe, ndipo pini amapindika. Diso lozungulira lokha pa chitsulo chokokera ndilo labwino koposa, chifukwa teyala limodzi la ngolo likagwa m'dzenje silipotokola choikoka.

Chachinayi, ikani khushoni. Pamene chitsulo cha diso chimadutsa m'mutu wa ngolo, ikani zidutswa zozungulira za mphira wa teyala lakale kutsogolo ndi kumbuyo, muzipanikize ndi mbale zachitsulo ndi nati yotsekeredwa. Za kumbuyo zimalandira mphamvu pokoka, za kutsogolo zimalandira ngolo ikamakankha potsika. Sipuling'i yolimba ya galimoto lakale ingagwirenso ntchitoyi.

Chachisanu, onani msinkhu. Ngolo yodzaza ikhale yowongoka, yosaweramira kutsogolo kapena kumbuyo. Ngati yapendama, sunthani diso m'mwamba kapena m'munsi. Musakweze malo okokera a thirakitala.

Chachisanu ndi chimodzi, mangani matcheni awiri opingasana kunsi kwa cholumikizira, aatali moti ngolo ikhoza kukhota koma osakwekwereka pansi. Pini akathyoka, matcheniwa amawakha mutu wa ngolo. Pakani girizi pa diso ndi pa pini, koma yambani mwapukuta wakale, popeza girizi wosakanizika ndi mchenga wa kunyanja amadya chitsulo.

4. Potsika mtsetse

Cholumikizira chabwino sichilowa m'malo mwa mabuleki. Pawatila imakhota pomasula teyala limodzi ndi chogwirira cha kilatchi. Potsika, ngolo yolemera ikamakankha, teyala lomasulidwalo limathamanga kuposa linzake ndipo makina amakhotera mbali imene woyendetsa sanafune. Choncho woyendetsa alowetse giya yaing'ono asanayambe kutsika, asamasule giya panjira, akhote ndi zigwiriro zokha, ndipo adalire buleki ya ngolo.

Nzeru zomwezi zimakhudza ngolo za ng'ombe za ku Malawi, ku Chipata ndi ku Angónia. Bungwe la ATNESA, lolumikiza akatswiri a ziweto zogwira ntchito kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, linakhazikitsidwa mu 1990, ndipo kayendedwe ka ngolo ndi imodzi mwa nkhani zimene lakhala likuzifufuza. Pa ngolo yotere pini ndiye goli. Katundu akachuluka kutsogolo khosi la ng'ombe limachita zilonda, akachuluka kumbuyo goli limanyamuka ndipo zingwe zimazitsamwitsa. Ngolo yopanda buleki imakankhira goli ku nyanga potsika.

5. Ntchito ya mlangizi

Nyengo yokolola isanafike, itanani eni ngolo, oyendetsa ndi owotcherera zitsulo pamalo amodzi. Bweretsani pini wodyeka ndi pini watsopano kuti aliyense awagwire. Ikani mutu wa ngolo pa sikelo yoyezera mbewu, sunthani thumba limodzi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo alimi awerenge okha manambala. Tsindikani kuti munthu asaime pakati pa choikoka ndi ngolo injini ikulira, ndiponso kuti ana asakhale pa chitsulo chokokera.

Mafunso okambirana

1. M'dera lanu, eni ngolo amagwiritsa ntchito chiyani pini akatayika?
2. Thumba la makilogalamu 50 laikidwa mita imodzi kumbuyo kwa ekiselo, ndipo pini ali mamita awiri patsogolo. Kodi pini wapepuka ndi makilogalamu angati?
3. Ndi mitsetse iti m'dera lanu imene ngolo yopanda buleki siyenera kutsikapo?