Maginito a m'wailesi anandichititsa manyazi

Anzanga a Fomu 2, JCE ili pakhomo, ndiye werengani izi musadzagwe pomwe ndinagwa ine.

Sabata yatha ndinagomola sipika ya wailesi yakufa ya agogo n'kutulutsamo maginito ozungulira aja. Ndinkafuna kulembapo N ndi S kuti ndikaonetse m'kalasi la Physics. Ndinabwereka kampasi, n'kuiyandikiza ku maginitowo. Nsonga yofiira ya singano, imene ndi N, inathamangira mbali imodzi, ine osaganiza kawiri n'kulembapo N ndi choko. Aphunzitsi atangoona anafunsa kuti, "Kodi N amakoka N mnzake?" Kalasi lonse linafa ndi phwete.

Lamulo lake n'lakuti mbali zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Ndiye pamene paloza nsonga ya N ndi pa S, basi. Chinanso, pa maginito a sipika N ndi S sakhala m'mphepete ayi, amakhala pa nkhope ziwiri zafulati zija.

Ngati mulibe kampasi, mangani maginitowo ndi ulusi, muwapachike pa nthambi, kutali ndi malata kapena njinga. Akasiya kuzungulira, nkhope yoyang'ana kumpoto, cha ku Tsangano, ndi N. Yoyang'ana kummwera, cha ku Mwanza, ndi S. Apa mutu unandizungulira: ngati N akukokedwa ndi kumpoto, ndiye kuti kumpoto kwa dziko kuli S wa maginito a dziko lapansi. Eya, ndi choncho ndithu!

Madzulo ndinayesa pa foni ya achimwene. Mafoni ambiri a tachi ali ndi kachipangizo komva mphamvu ya maginito, ndipo n'kamene kamayendetsa kampasi ya m'foni. Tambiri mwa tizipangizo timeneti timagwira ntchito ndi zimene Edwin Hall anatulukira mu 1879: magetsi oyenda m'kachitsulo kopyapyala amakankhidwira mbali imodzi maginito akayandikira, ndipo ukatembenuza maginitowo amakankhidwira mbali inayo. N'chifukwa chake kachipangizoka kamasiyanitsa N ndi S. Nditatembenuza maginito anga, muvi wa pafoni nawo unatembenuka.

Koma musayandikize kwambiri. Nditachotsa maginitowo muvi unkangoloza kolakwika, mpaka achimwene anachita kuiyendetsa foniyo m'mwamba ngati akulemba 8 kuti ibwerere m'chimake. Anandiletseratu kuigwiranso.