Takhala pano kuyambira kale: kodi malowa ndi athu?

Agogo athu anabadwira pano, manda awo ali pano. Chiphaso cha malo n'chachiyani?

Mbiri ya Chiradzulu ikuyankha yokha. M'zaka za m'ma 1890, mkulu wa boma la atsamunda Harry Johnston anapatsa azungu mapepala a umwini wa malo, midzi yambiri n'kupezeka ili mkati mwa maesiteti. Ku Magomero, pa esiteti ya A.L. Bruce, anthu, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira malo okhala pogwira thangata. Nkhanza zimenezi ndi zina mwa zomwe zinachititsa John Chilembwe wa ku Mbombwe kuukira azungu pa 23 Januwale 1915. Thangata anatha mu 1962. Lero wobwera ndi pepala ndi munthu wandalama wa ku Limbe, wofuna puloti ku Njuli, ku Mbulumbuzi kapena ku Namadzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma laling'onoli. Malo achepa, ndipo umboni wa pakamwa umapita ndi nkhalamba zomwe zinkadziwa malire.

Lamulo likuti chiyani?

Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022, limalola Mmalawi, banja kapena gulu kulembetsa malo awo ndi kulandira chiphaso. Umwiniwo ulibe zaka zothera ngati lizi, ndipo ana amaulandira ngati cholowa.

Ndiyambire pati?

Kwa agulupu. Lamulo limati m'dera la gulupu aliyense mukhale komiti ya malo: iwowo wapampando, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera 3 akhale amayi. Malire amayendedwa poyera, oyandikana nawo ali pomwepo. Ntchitoyi sinafike m'midzi yonse, choncho funsani ku ofesi ya malo ku khonsolo kuti dera lanu lifikiridwa liti.

Pachiphasopo palembedwe dzina la ndani?

Apa ndi pofunika kukhalirana pansi mofatsa. Kuno ambiri timatsata chikamwini: munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, mwamuna amadzalima kwa mkazi wake, ndipo mwinimbumba amangoyang'anira. Koma kukabwera alendo a boma ndi mabuku, amene amathamangira kutsogolo ndi abambo. Zinaonekapo ku Lilongwe pansi pa malamulo a malo a 1967, pomwe malo a mabanja ankalembedwa m'dzina la mtsogoleri wa banja, kawirikawiri mwamuna. Woyang'anira akalembedwa yekha, mawa ana ake adzati malowo ndi a bambo awo, alongo ake n'kutsala manja lende. Ife tikuti dzina la mayi amene amalima mundawo lisasowe. Ngati malo ndi a mbumba yonse, alembedwe ngati a banja, eni ake onse atchulidwe. Mkamwini amene wamanga nyumba ya malata ndi kukalambira pamudzipo naye akumbukiridwe. Lamulo limalola mkazi ndi mwamuna kulembetsa limodzi.

Nanga mafumu alandidwa mphamvu?

Mafumu ambiri anadandaula choncho lamuloli likubwera. Udindo wawo ulipobe: agulupu amatsogolera komiti, ndipo mfumu yaikulu imatsogolera bwalo loweruza milandu ya malo m'dera lake. Chomwe chatha ndi kugawa malo munthu ali yekha, popanda mboni.

Ndakhala zaka zambiri pa boma kapena pafupi ndi mishoni. Inenso ndingalembetse?

Yambani mwadziwa mtundu wa malowo. Ena ndi a boma, ena ali pa lizi kapena ndi a mpingo, ndipo pa malo oterowo komiti ya kumudzi ilibe mphamvu. Nkhani yake imapita ku khonsolo ndi ku Unduna wa za Malo. Sungani malisiti, makalata a amfumu ndi mayina a mboni zodziwa chaka chomwe munafika.

Tikakangana malire?

Mlandu umayambira ku bwalo la kwa mfumu yaikulu, osakhutira amakadandaula ku bwalo la malo la pa boma. Musadikire tsiku loyeza malo. Itanani a malire anu chaka chino, akuluakulu akadali moyo, muyende nawo m'mundamo.