Utawaleza wa pa Chithaphwi: Phunziro la Kuwala

Mvula ikakata ku Luchenza, tayang'anani zithaphwi za pomwe pamaima maminibasi, njinga zamoto ndi mathirakitala onyamula masamba a tiyi. Pamwamba pa madziwo pamanyezimira mitundu yofiira, yobiriwira ndi yapepo. Chonsecho dizilo amene wadonthera pamenepo alibe mitundu imeneyi. Nanga imachokera kuti?

Kuwala ndi mafunde

Kuwala kwa dzuwa n'kosakanikirana mitundu yonse, ndipo kumayenda ngati mafunde. Mtundu uliwonse uli ndi kutalika kwake kwa funde: wapepo ndi pafupifupi mananomita 400, wofiira pafupifupi 700. Milimita imodzi muli mananomita 1,000,000.

Mafuta akagwera pamadzi amayanderera n'kupanga kakhungu kopyapyala. Kuwala kukafika, kwina kumabwerera pamwamba pa kakhunguko. Kwina kumalowa, kukagunda pamene mafuta akumana ndi madzi, n'kubwereranso. Mafunde awiriwa amakumana asanafike m'maso mwathu, koma lachiwiri layenda mtunda wotalikirapo. Nsonga ya lina ikakumana ndi nsonga ya linzake, mtunduwo umawala kwambiri. Nsonga ikakumana ndi chigwa, mafundewo amafafanizana ndipo mtunduwo umazimirira. Mu fizikisi zimenezi zimatchedwa interference.

Choncho chimene chimasankha mtundu ndi kukhuthala kwa kakhungu komanso mbali imene mwaima. N'chifukwa chake mitundu imasuntha mukasuntha mutu. Utawaleza wakumwamba ndi wosiyana: kumeneko madontho a mvula amapinda kuwala n'kukumwaza.

Isaac Newton analemba za mitundu ya thovu la sopo m'buku lake la Opticks mu 1704, koma amene anaifotokoza pogwiritsa ntchito mafunde ndi Thomas Young mu 1801.

Tiwerengere limodzi

Funde lobwerera pamwamba pa kakhungu limatembenuka ndi theka la kutalika kwake, pamene lobwerera pansi silitembenuka. Motero kakhungu kopyapyala kwambiri kowalitsa mtundu wina timakapeza chonchi: kutalika kwa funde kugawa ndi 4, kenako kugawa ndi nambala yosonyeza mmene chinthucho chimachedwetsera kuwala. Ya madzi a sopo ndi pafupifupi 1.33. Pa mtundu wobiriwira wa mananomita 530, yankho ndi mananomita pafupifupi 100. Kakhungu kakapyapyala kuposa apa kwambiri, mitundu yonse imafafanizana. Ichi n'chifukwa chake pamwamba pa thovu pamada litatsala pang'ono kuphulika.

Nzeru yomweyi ili pa magalasi a maso, makamera ndi maikulosikopu za mu labu. Amawapaka kakhungu ka magnesium fluoride kokhuthala mananomita pafupifupi 100 kuti kuwala kusamabwerere koma kudutse. Kunyezimira kwapepo kumene mumaona pa galasi la kamera ndi chizindikiro chake.

Chenjezo la pamadzi

Mitundu yokongolayi imatiuzanso kuti mafuta ochepa amafika patali. Lita imodzi ya oyilo itayanderera mpaka kukhuthala mananomita 500 ingaphimbe masikweyamita 2,000. Malita anayi okha angakute bwalo lonse la mpira. Oyilo wotayidwa mu ngalande amakathera kumtsinje kumene anthu amachapa, kuthirira dimba ndi kumwetsa ziweto.

Komabe si kunyezimira kulikonse kumene kuli mafuta. M'madambo muli tizilombo tina timene timakonda madzi okhala ndi ayironi, ndipo nato timapanga kakhungu ka mitundumitundu. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: gwazani ndi kamtengo. Kakhungu ka tizilombo kamasweka tizidutswa tosabwererana, pamene mafuta amazungulira n'kulumikizananso. Mukaona mafuta pachitsime, musamwe madziwo, ndipo dziwitsani alangizi a zaumoyo.

Yeserani nokha

Pindani waya ngati mphete, muviike m'madzi a sopo, kenako muimike chilili pafupi ndi zenera. Muona mizere ya mitundu ikutsika pang'onopang'ono. N'chifukwa chiyani mizereyo ili yopingasa? Nanga n'chifukwa chiyani kuda kumayambira kumwamba?